Msana wa Bambo

Johannesburg,
9 Malichi 2024

Amake Tisunge,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati nthawi ya Wenela. Foni yanu ija ikagwira netiweki ya ku Mozambiki imadya mayunitsi ngati mbuzi yolowa m'dimba, ndipo ikagwira yathu mumayankhula pa sipika chifukwa ka kukhutu kanafa, ndiye Biriwiri yense amamva zomwe mwamuna akuuza mkazi wake. A Raymond amadutsa pamsewu wathupo ndi katundu wa anthu mwezi ndi mwezi. Avomera kuti azinditengera makalata, ndipo yankho lanu muziwapatsa akamabwerera.

Nkhani ya Bambo yandifoola. Chimvereni kuti anagwa m'khola, dzanja ndi mwendo wakumanzere n'kufa, chakudya sichikundilowa. Ndathokoza kuti kuchipatala awatulutsa, ndiponso kuti akuyankhula ngakhale mokoka lilime. Eliness, mukuchita zazikulu kuwadyetsa ndi kuwachapira. Koma zomwe munanena monong'ona pa foni zija ndinazimva: palibe wowasambitsa. Ndikudziwa. Inu ndinu mtengwa, thupi la apongozi anu aamuna simungalione. Regina ndi mwana wawo wamkazi, nayenso sangathe, komanso ali kutali ku Sharpevale ndi mpunga wake. Amayi akadakhala moyo bwenzi nkhani palibe. Mwana wamwamuna ndine ndekha, ndipo ndili kuno.

Ndiye chitani izi. Muyankhule ndi Duncan, mwana wa amalume, azibwera m'mawa kudzawasambitsa ndi kuwathandiza za kuchimbudzi. Muzimupatsa kangachepe pa ndalama ndatumizayo. Bambo mukuwadziwa, ukhondo wawo ndi wonyanya. Ngakhale mu Juni ankasamba kawiri, ndipo shati yosasita sankaivala ngakhale popita kudimba. Munthu wotero kugona ndi litsiro ndi matenda ena apadera.

Kubwera panopa sindingathe. Ntchito ndangoyamba kumene, ndikachoka alowetsa wina tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a Bambo afuna ndalama. Munafunsa ngati ndikukonzabe mainjini monga ndinkachitira pa Boma. Ndi ntchito ya manja basi, ndikadzabwera ndidzafotokoza. Anthu akakufunsani muziti ali ku zamagalimoto.

Joni amene anthu amamutama uja, kumene ndili ine ndi mipanda yokhayokha, yaitali, ya waya wamagetsi pamwamba. Ungathe mwezi osamudziwa woyandikana naye. Munthu ukamupatsa moni pamsewu amagwira chikwama chake.

M'katunduyo muli bulangete la Bambo, sopo, ndi nsapato za Tisunge. Zikamukulira asadandaule, phazi lidzazipeza. Mbatatesi ya kumtunda ija musachedwe kupopera, mvula ya Malichi mukuidziwa.

Mundiperekere moni kwa Bambo. Muwauze kuti ndibwera posachedwa.

Ndine mwamuna wanu,
Maynard


20 Epulo 2024

Amake Tisunge,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu a Raymond andipatsa, ndipo ndakondwa kuti Tisunge malungo amusiya. Ine ndili bwino, msana wokha ndiwo umandikumbutsa madzulo kuti sindinenso mnyamata.

Za Duncan zandipsetsa mtima. Zoti Bambo anamugenda ndi kapu sindikudabwa, ndikadakhala ine ndikadamugenda ndi beseni lomwe. Munthu wapita kukasambitsa mkulu, kenako n'kukakhala pamsika wa kumsewu kumafotokozera anzake momwe thupi la a Ngozo lafotera? A Ngozo amene akamavina ngoma anthu ankasiya malonda awo kudzaonerera, fumbi lili koboo? Duncan asapondenso pakhomopo. Amalume akafunsa muwauze kuti wanena ndine.

Mawu a Bambo aja mwandilembera osachotsako kanthu: “Ine ndinabereka mwana wamwamuna, waganyu asandivule.” Ndawawerenga, ndipo andilowa. Simunalakwe kulemba. Koma yankho lero ndilibe.

Pakadali pano mverani izi, ndipo muzitsate ndithu. Munthu wodwala chonchi asagonere mbali imodzi nthawi yaitali, khungu limaphulika. Muyale nsalu yolimba pansi pawo mopingasa, kuyambira m'mapewa kufika m'ntchafu. Pofuna kuwatembenuza muzikoka nsaluyo, osati dzanja lakufalo, lingaguluke paphewa. Potero simuwakhudza thupi, ndipo palibe anganene kanthu. Pakati pa maondo muziika pilo. Zidendene zisamagunde matiresi. Phala muziwamwetsa atakhala tsonga, ndipo asagone msanga akatha kudya, angatsamwidwe. Nkhope, manja ndi mapazi mukhoza kuwapukuta, pamenepo mwambo suletsa. Kwinako, beseni muziwasiyira pafupi ndi dzanja lamoyolo ayesetse okha.

Mwina mudabwa kuti zimenezi ndazidziwira kuti. Kumene ndimagona ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya dona wina dzina lake Emma. Ali ndi bambo ake okalamba, a Nicholas, amene miyendo inawafera kale. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito m'sitima za panyanja ku Durban, ndiye ine ndimawatcha Kaputeni, ngakhale amati udindo umenewo sanaununkhizeko. Ndimaona momwe amawasamalira, ndipo zina zimatsalira m'mutu.

Kuno zinthu zakwera, buledi sali pa mtengo umene ndinamupeza pobwera. Komabe ya feteleza wa kudimba ndatumiza. Nsawawa mudzale msanga madzi asanatsike. Za malata a nyumba yathu tiyembekeze kaye, udzu umenewo upirire chaka china.

Apolisi anazungulira kuno sabata yatha kufunsa mapepala. Ine ndinali mkati mwa mpanda, sizinandikhudze. Musaziganize.

Ndine,
Maynard


1 Juni 2024

Eliness mkazi wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno kwazizira koopsa, madzi a agalu m'mbale amapezeka ataundana m'mawa. Ndikaganiza za mphepo ya Biriwiri, Bambo ali gone osatha kudzifunditsa okha, mtima sukhazikika.

Chilonda cha pachiuno mwanenacho chandiopsa. Mwati chayamba kutulutsa madzi, ndipo Tisunge akukana kulowa m'chipindamo. Musamukalipire mwanayo. Ndatumiza mankhwala opaka, mabandeji ndi matewera a akuluakulu. Matewerawo musawatchule dzina pamaso pa Bambo, muzingoti kabudula wa kuchipatala. Pemphani a zaumoyo abwere adzachione. Ndikudziwa kuti iwo sangabwere tsiku lililonse, pomwe chilonda chimafuna wochitsuka tsiku lililonse. Yesani abambo a kumpingo amsinkhu wawo. Mwina mnzawo wovina naye ngoma sangamuchitire manyazi.

Chithunzi changa chija ndinatumizira Tisunge, osati inu, koma maso anu sagona. Mwafunsa kuti makaniko wanji wa zikhadabo zoyera chonchi. Kuno kuli magolovesi, amake Tisunge. Si pa Boma pomwe tinkatsuka manja ndi petulo ndi mchenga.

Ndikuuzeni kankhani museke. Panyumba pano pali munthu wina wantchito, wa kwathu komweko. Ntchito yake ilibe dzina. M'mawa atole zonyansa za agalu pakapinga, atulutse zinyalala, atsuke zimbudzi, kenako akadzutse Kaputeni. Tsiku lina anamva dona akuuza mnzake pa foni kuti, “Tinapeza dogsbody wa ku Malawi, amachita chilichonse ndipo sadandaula.” Munthuyo Chingerezi cha Fomu 2 ali nacho. Anamva kuti m'dzinalo muli galu, ndipo mtima unamuwawa. Anapirira mpaka tsiku lometa nkhalambayo ndevu, n'kuifunsa lezala ili m'manja.

Kaputeni anaseka mpaka kutsokomola. Akuti kalekale amalinyero a ku Mangalande ankadyetsedwa nsawawa zouma zowiritsa m'kathumba ka nsalu. Zikapsa zinkatuluka chibuluma chonyansa m'maso, ndipo iwo anachipatsa dzina loti dogsbody, ndiko kuti thupi la galu. M'kupita kwa nthawi dzinalo linachoka pa chakudyacho n'kukhala la munthu wotsikitsitsa m'sitima, wotumidwa ndi aliyense. Lero ndi la munthu aliyense wogwira ntchito zimene ena amanyansidwa nazo. “Nanenso ndinayambira pomwepo,” anatero Kaputeni. “Ndinkakolopa masanzi a akuluakulu nyanja ikakwiya. Meta bwino pansi pa mphunopo, dogsbody.”

Taonani, nsawawa zathu zomwe anthu a ku Blantyre amaimitsira magalimoto pamsewu, kwina zinasanduka chitonzo. Munthu uja anaseka nawo, nanga akadatani. Koma akuti madzulo ake chakudya chinamukanika. Kwawo ali ndi mkazi ndi mwana, ndipo bambo ake ndi munthu wodziwika.

Mwina si nkhani yoseketsa kwenikweni. Ndalemba kale, ndisiya momwemo.

Mbatatesi musagulitse yonse kwa mavenda oyamba, amabera ndi ndowa zawo zotupa zija. Muwauze Bambo kuti ndimawakumbuka tsiku lililonse.

Maynard


29 Juni 2024

Amake Tisunge,

Moni. Ine ndili moyo.

Regina wandiimbira. Akuti nkhani yafika mpaka ku Sharpevale, anthu akuikamba m'minda ya mpunga. Akuti mkazi wa Maynard amatseka chitseko n'kuvula apongozi ake aamuna. Ndinamuuza kuti akunama. Anati ndifunse inuyo.

Ndiye ndikufunsani. Ndi zoona? Ine ndinati nkhope, manja ndi mapazi. Kwinako anakutumani ndani? Inu amene chikwatiwireni simunakhalepo pa mphasa imodzi ndi Bambo, amene mukakumana nawo panjira munkapatukira kutchire? Ankhoswe munawauza? Mwaganizako kuti Tisunge kusukulu anzake azimunena chiyani? Nanga ine, ndikadzatsika basi pa Biriwiri, nkhope ndidzaiika kuti?

Mwandivula pagulu, Eliness. Mudzi wonse tsopano wadziwa kuti a Ngozo ali ndi mwana wamwamuna wa dzina lokha.

Ndalama ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Zina ndilibe.

Maynard


27 Julayi 2024

Eliness,

Ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni muli ndi mphamvu. Ine thupi lili bwino, koma kalata yanu ndayenda nayo m'thumba masiku ambiri ndikulephera kuiyankha.

Munalemba pang'ono. Munati abambo a kumpingo anabwera, anapemphera, n'kutuluka atagwira mphuno. Munati tsiku lomwe munavundukula bulangete n'kupeza mphutsi pachilonda, simunafunse ankhoswe, munangotereka madzi. Munati Bambo amadziphimba kumaso ndi chipewa chawo, inu mumayang'ana manja anu okha, ndipo pa nthawi imeneyo palibe amene amatulutsa mawu. Munati pamaliro a kwa anansi athu amayi anzanu anakulandani chipande kuti musagawe ndiwo. Ndipo pomaliza munati, “Nkhope yanu mudzaiika pomwe ndaika yanga.”

Ndikhululukireni pa kalata ija. Muiotche. Ndinkadzikalipira ndekha, koma dzina ndinalemba lanu.

Munthu wantchito ndinakuuzani uja ndine. Ndikuganiza kuti munadziwa kale, pakuti m'yankho lanu nkhani imeneyo simunaitchule n'komwe. Galaja imene anandilonjeza pobwera kuno ndinaipeza itatsekedwa. Chifikireni sindinagwirepo sipanala. Wotola zonyansa za agalu ndine, wotsuka zimbudzi ndine, ndipo m'mawa uliwonse ndimavula bambo a munthu wina, kuwachotsa thewera, kuwapukuta, kuwanyamula n'kukawakhazika m'bafa pa mpando wa pulasitiki wa mabowo. Madzi ndimayesa ndi chigongono. Ndimatsamiritsa chifuwa chawo paphewa langa, dzanja limodzi litawagwira, linalo likukhula msana. Ndikatha ndimawadzoza mafuta ndi kuwapesa. Khungu lawo lilibe chilonda ngakhale chimodzi, ndipo dona amanyadira zimenezi kwa alendo.

Tsiku lomwe ndinawerenga za mphutsi ndinali nditangomaliza kuwathira Kaputeni paudala. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi. Agalu anabwera kudzandinunkhiza.

Ndinkaopa kuti kwathu adzati mwana wa a Ngozo anapita ku Joni kukapukuta matako a mzungu. Ndinkaopa Duncan ndi anzake a pamsika. Inunso ndinkakuopani, chifukwa munakwatiwa ndi munthu amene pa Boma ankamutchula kuti amisiri. Ndiye ndinalola kuti anthu aziti ndine makaniko, Bambo n'kumaola, inu n'kumalandidwa chipande. Ndili ndi manyazi, Eliness, ndipo si omwe ndinkawathawa aja, awa ndi aakulu. Ntchito imene inu mukutukwanidwa nayo kwaulere ine amandilipira, ndipo m'mudzi mwathumo palibe amene amaidziwa ngati ine.

Chilondacho muzitsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere pang'ono, atazizira. Osapaka phulusa kapena za m'mabotolo a pamsika, kaya anene ndani. Chikayamba kuda m'mbali, kapena Bambo akatentha thupi, pezani galimoto apite kuchipatala tsiku lomwelo. Inunso muzipinda maondo pokoka nsalu ija, musamawerame, msana wanu ungapite.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Bambo musawauze. Iwo anakana waganyu. Akamva kuti mwana wawo ndiye waganyu wa ntchito yomweyo kwa eni, sindikudziwa ngati mtima wawo ungapirire. Ndipatseni nthawi ndiganize.

Tisunge mumuuze kuti juzi yake ndaiona, ndigula mwezi ukatha.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Maynard


17 Ogasiti 2024

Amake Tisunge,

Moni kwa inu, kwa Tisunge ndi kwa Bambo. Ndakondwa kumva kuti chilonda chayamba kuuma m'mbali. Ine ndili bwino.

Ndinati musawauze, inu n'kukawawerengera kalata yonse, ndi za agalu zomwe. Mkazi wosamva ngati inu sindinamuone. Nditafika pa mzere umenewo ndinaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso, mpaka Kaputeni anafunsa ngati ndakhalira linthumbu.

Mwati Bambo anamvetsera atayang'ana kukhoma, ndipo tsiku lonse sanayankhule, phala analikana. Ndinkayembekeza kuti mzere wotsatira unena zoti anditemberera. Koma mwati m'mawa mwake, inu muli mkati mowapukuta, anayankhula koyamba, chipewa chili kumaso: “Apongozi, mukamamulembera mumufunse. Mzunguyo amamukhuladi ndi kumsana komwe? Chifukwa ine kupukuta kwa kansaluku ndikuthokoza, koma msana ukundiyabwa chigwereni.”

Eliness, mawu amenewo ndawabwereza mpaka pepala lafewa. Sanatukwane, sanandinene kuti waganyu. Akadanditukwana bwenzi zili bwino, ndikadadziwa chochita nazo. Ine ndi Bambo chikulireni sitinagwiranepo kupyola moni wa pamanja.

Muwayankhe kuti eya, ndimakhula ndi kumsana komwe, ndi chinkhupule, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Inu musayese. Pamafunika kuwakhazika tsonga ndi kuwakumbatira, ndipo ndi olemera. Mwachita zokwanira.

Za ankhoswe amene anabwera kudzakuikani pa bwalo aja, ndamva kuti Bambo anawayankha ali chigonere kuti aliyense amene ali ndi mlandu ndi inu abwere atanyamula beseni. Ndinaseka ndekha, koma kenako ndinakumbukira kuti mawu amenewo amayenera kutuluka pakamwa panga, ndipo ine ndinalemba zina.

Tsopano mutu wanga waima. Ndikabwera, ndalama ya mwezi ndi mwezi yatha. Malata kulibe, fizi ya Tisunge idzachokera m'dimba, mankhwala a Bambo chimodzimodzi. Pa Boma malo anga okonzera njinga zamoto ena analowapo kale. Ndinauza dona kuti mwina ndichoka, ndipo anati andiwonjezera malipiro. Kaputeni anandikwiyira osandiyankhula. Dzulo ndikuwaveka masokosi anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, “Nanga ine azindisambitsa ndani?” Ndinangopitiriza kuwaveka. Nkhalambayi pakamwa ndi poipa, koma ndaizolowera, ndipo iyo ilibe mwana wamwamuna ngakhale wa dzina lokha.

Ndiuzeni maganizo anu mosabisa. Nyumba yodontha mukugonamo ndinu, wotopa ndinu, ndipo amene adzayang'anizane ndi Tisunge tsiku la fizi tidzakhala tonse. Mukati khalani, ndikhala.

Chimanga chimene chatsala muthire mankhwala, anankafumbwe angatiyambirire.

Maynard


7 Seputembala 2024

Eliness,

Ndili bwino, ndikhulupirira nanunso muli choncho. Yankho lanu silinafune n'komwe envelopu: “Denga lakhala likudontha chilowereni m'nyumbayi. Bwerani.”

Kalatayi itsogola ndi a Raymond, ine ndinyamuka pa basi sabata yamawa. Pamalire mwina andidinda chidindo choti ndisabwererenso kuno, chifukwa masiku anga anatha kalekale. Izi sindinakuuzeni. Adinde.

Pamalo panga ndasiya Nathan, bambo wina wa ku Tsangano amene wangofika kumene. Ndamuphunzitsa kunyamula, kuyesa madzi, ndi kugontha khutu Kaputeni akamatukwana. Tsiku loyamba anatuluka m'bafa n'kukasanza. Mawa lake anapirira. Wandipempha kuti ndikafika kumudzi ndisakanene ntchito imene wapeza, kwawo akudziwa kuti ndi dalaivala. Ndamulonjeza. Ndinafuna kumuuza zambiri, koma ndinaona kuti panopa sangamve.

Kaputeni atsanzika mwa njira yawo. Anati Nathan manja ake ndi ozizira ngati nsomba, ndipo ine ndine wothawa sitima. Kenako anauza dona kuti andipatse mpando wa m'bafa uja, iwo agula wina. Atatero anandifunsa kuti, “Bambo ako ndi aakulu thupi?” Ndinati eya. “Ndiye uziwagwira m'chiuno, osati m'khwapa monga umandipwetekera ine, dogsbody.” Dzinalo silinandilase ngati kale, koma sindinganame kuti ndalikonda.

Musayembekeze katundu. Anzanga akamatsika pa Biriwiri amatsitsa mafiriji ndi mawailesi akuluakulu, anthu n'kumathamangira kudzaona. Ine nditsika ndi chikwama chimodzi, juzi ya Tisunge, ndi mpando wa pulasitiki wa mabowo. Duncan ndi anzake adzakhala pomwepo pamsika, ndipo adzafunsa kuti mpando wanji umenewu. Ndakhala ndikuyeserera yankho. Musabwere kudzandichingamira. Mwayenda mokwanira pakati pa maso a anthu. Pamsikapo ndidutsa ndekha, mpandowo uli pamutu.

Bafa lathu la udzu lija mupeze wina alitseke mbali ya kumphepo, ndipo pansi pake asalaze kuti mpando usapendame. Mugule chinkhupule chatsopano ndi lezala. Mukangomva kuti ndatsika, mutereke madzi ambiri mumgolo waukulu uja.

Mpaka tsikulo pitirizani monga mukuchitira. Zikomo, Eliness, ngakhale mawuwa ndi ochepa. Bambo muwauze kuti popita kubafa chipewa chija adzachisiye m'nyumba. Apirire masiku atsalawa. Kumsanako musakhudzeko, n'kwanga.

Ndine mwamuna wanu,
Maynard